Wantchito wa Pepala Wovala Yunifolomu Yanga

Kampani yomwe inandibweretsa kuno ku England imatumiza anthu m'makomo kukasamalira okalamba, ndipo m'chaka changa chachiwiri inandipatsa agogo ena a Chitchaina a ku Loughborough. Ine ndinkakhala ku Spinney Hill, mu Leicester, m'kachipinda ka pamwamba pa butchala ya Asilamu. M'mawa ndinkakwera basi kupita ku siteshoni, kenako sitima, n'kukawapeza agogowo atadzuka kale. Anali ochepa thupi, miyendo itasiya kuwamvera, koma manja ndi pakamwa zinali bwinobwino. Iwo ndi malemu amuna awo anachoka ku Hong Kong ali achinyamata n'kudzatsegula shopu yophika zakudya zoti anthu azikadyera kwawo. Pamene ine ndinkawadziwa n'kuti shopuyo ili m'manja mwa mwana wawo wamwamuna, yemwe anali mmodzi yekhayo.

Pa zipembedzo za anthu ena ine sindine wamantha. Ndinakulira ku Balaka pakati pa Asilamu, ndipo ku Spinney Hill nyama ndimagula kwa iwo, Lachisanu ndimawapatukira akamathamangira ku mzikiti, palibe chondidabwitsa. Msilamu umadziwa pomwe waima. Koma m'nyumba ya agogo aja nditangolowa tsiku loyamba mphuno inandiuza kuti muno muli zina. Pabalaza panali shelefu yofiira, pamwamba pake chithunzi cha malemu amuna awo, timakapu ta tiyi, malalanje, ndi timitengo ta lubani tikufuka. Pambali pake panaima chifanizo choyera cha mkazi atagwira kabotolo. Kukhitchini, pamwamba pa chitofu, anamatapo pepala lojambulidwa bambo wa ndevu. Ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse, ndisanawasambitse n'komwe, inali kuwakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka pashelefupo kuti akasinthe tiyi wa akufa. Kangapo konse utsi wa lubani unaliza alamu ya moto, ine n'kumakupiza thaulo kudenga ngati wamisala, iwo akupitiriza kuwerama ngati palibe chikuchitika.

Njingayo ndinkakankha ndikupemphera chamumtima, manja anga osakhudza chilichonse cha pashelefu. Akandipatsa lalanje lochokera pamenepo ndinkalandira ndi manja awiri monga ndinaleredwera, n'kukaliponya m'bini ya ku siteshoni.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi kwenikweni amapemphera mpingo wanji. Chingerezi chawo chinali chodukaduka, choncho anangoimika zala zitatu. Mwana wawo, bambo wa imvi zake kale koma wobadwira konkuno, ndiye anandifotokozera atabwera ndi chakudya chamasana. Anati kwa makolo ake ziphunzitso zikuluzikulu zilipo zitatu. China n'cha mphunzitsi wina wakale kwambiri, yemwe sankalalikira za kumwamba koma za kulemekeza makolo, amoyo ndi akufa omwe, komanso kuti aliyense adziwe malo ake pakhomo ndi m'dziko. China n'Chitao, chobadwira ku China komweko, chonena za kuyenda mogwirizana ndi chilengedwe ndi kufunafuna moyo wautali, ndipo chili ndi milungu yambirimbiri yokhala ndi maudindo ngati m'boma. Chachitatu n'Chibuda, chomwe chinachita kubwera kuchokera ku India potsata njira za amalonda, n'kudzaphunzitsa kuti munthu akafa amabadwanso malinga ndi ntchito zake. Amayi ake, anatero bamboyo, sasankha. Pa za makolo amatsata choyamba, akadwala amapita kwachiwiri, za imfa amafunsa chachitatu. Bambo wa ndevu wa kukhitchini uja ndiye kazitape wa kumwamba. Chaka chikamatha amakanena zonse zomwe banja lachita, ndiye amamupaka uchi pamilomo kuti akanene zokoma zokhazokha.

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati eya, ziphuphu zafika mpaka kumwamba. Ndipo munthu wa mipingo itatu ine sindimukhulupirira. Pawiripawiri sipauzirika, nanga patatu? Bamboyo anawonjezera kuti iye zonsezi sazikhulupirira, amangochita kuti amayi ake asadandaule, koma zimenezo sizinanditonthoze ngakhale pang'ono. Kwathu amene amafulumira kunena kuti sadziwa kanthu ndi amene umamuyang'anitsitsa, makamaka bizinesi yake ikamayenda ngati ija, ana a ku yunivesite kuima pamzere mpaka panja mvula ikugwa.

Agogo aja anayamba kundikonda, ndipo chimenecho ndiye chinandiopsa kuposa lubani. Anzanga ena ogwira ntchito yomweyi ankawathamangitsa. Wina agogowo ankati amawanyamula ngati thumba la chimanga, wina ankati manja ake ndi ozizira. Ine ankandidikira. Ankandisungira msuzi wa nkhuku wothira jinja, ankandigwira mkono n'kumausisita, n'kumati ndili ndi mafupa abwino. Atandifunsa chaka chomwe ndinabadwa ndinawauza ndisanaganize. Anawerengera pa zala n'kunena mokondwa kuti ine ndine ng'ombe, iwo ndi njoka, ndipo ng'ombe ndi njoka zimayenderana. Atafunsanso mwezi, tsiku ndi ola, ndinati kwathu sitisunga zoterozo. Taganizani, munthu akudzitcha yekha njoka, akuyeza mafupa ako, akufuna ola lomwe unabadwa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndiye msuzi uja ndinayamba kumati ndakhuta.

Nyengo yozizira itafika anayamba kufooka. Madokotala anati mtima watopa, palibenso zambiri zoti achite. Eni akewo sanadandaule. Anandituma kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadulobu n'kundionetsa zovala zomwe adzaikidwe nazo m'manda, zopindidwa bwinobwino, nsapato zake zili pompo. Kwathu munthu wamoyo sasankha nsalu ya maliro ake, kumeneko n'kudziitanira imfa. Pasanapite nthawi mwana wawo anabwera ndi makatoni ochokera ku Birmingham, akung'ung'udza, n'kuwalowetsa m'kachipinda kosagona munthu. Munali nyumba yosanja ya pepala, ya mawindo ndi khonde, yondifika m'chiuno. Munalinso galimoto, foni, poto wophikira mpunga, ndi chidole cha mtsikana wa masaya ofiira chovala zapinki, zonse za pepala. Anati amayi ake aumirira kuti azione ndi maso awo asanafe, chifukwa sakhulupirira kuti iye adzagula zoyenera. Akadzamwalira zonsezo zidzawotchedwa, utsi n'kuzifikitsa komwe iwo ali, kumeneko zikasanduke zenizeni.

Ndinati izo n'zawo, ine ntchito yanga ndi kusambitsa. Koma m'mawa wina, ndikufuna matawulo m'kachipinda kaja, ndinapeza chidole chija chitaimikidwa pakhomo la nyumba ya pepala, chitasinthiratu. Msinkhu wake unali ngati wa botolo la sobo. Nkhope ndi manja zinali zitapakidwa polishi wa nsapato wabulawuni. Kumutu chinali ndi ulusi wakuda wolukidwa mizere yobwerera kumbuyo, ndendende mmene ndinkalukira ine. Zapinki zija zinali zitachotsedwa, chitavekedwa kamalaya ka pepala labuluu, kolala yoyera, kathumba pachifuwa, mpaka kawotchi kojambula ndi bolopeni. Inali yunifolomu yanga. Kumsana kwake kunali zilembo zawo zija, zolembedwa ndi dzanja lonjenjemera. Tsopano ndinadziwa chomwe agogo aja ankachita ndi sizasi masana akakhala okha.

Ndinakula ndikumva kuti mafumu akalekale sankalowa okha m'manda, ankawagoneka pa anthu amoyo oti akhale mitsamiro yawo, akawatumikire kumeneko. Ndinkaziona ngati zoopsezera ana. Koma nditaima m'kachipinda muja ndinakumbukira kuti masiku angapo m'mbuyomo, ndikuwapesa, agogo aja anandiuza moseka kuti komwe akupitako adzafunabe ine ndemwe ndikawasamalire. Ine ndinasekanso n'kuti inde agogo. Ndinali nditavomera ndi pakamwa panga. Ana anga awiri anali ku Balaka kwa mchemwali wanga, akudikira kuti mayi awo akhazikike adzawatenge, ndipo apa mayi awowo anali ataima pakhomo la nyumba yoti iwotchedwe.

Ndinatola chidolecho n'kufufuza mu ulusi muja ngati mwalukidwira tsitsi langa lenileni. Sindinapezemo, koma sindinakhutire. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagwira ntchito nditamanga duku. Kapu yomwe ndamwera madzi ndinkatsuka ndekha nthawi yomweyo, tishu yomwe ndaminira ndinkaika m'thumba. Mutu ukangondiwawa pang'ono ndinkati zayambika. Agogo akatsokomola ndinkathamanga kuposa kale, osati chifukwa cha chikondi ayi, koma poti mpweya wawo ndi wanga tsopano unali pa chingwe chimodzi. Sindikhulupirira kuti mu Loughborough monse munali wokalamba wina amene anamwa mankhwala ake pa nthawi yake ngati iwo m'masabata amenewo.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, mu holo ya sukulu momwe timapempherera, ndinakokera pambali mayi wina yemwe ndi nesi ku chipatala, munthu amene anandilandira nditangofika kuno. Ndinamuonetsa chithunzi cha chidolecho pafoni. Anabweza foniyo msanga ngati yamuwotcha.

"Amayi, izi musazitengere laiti," anatero. "Kalipoteni ku ofesi mawa lomwe, akutchenjeni klayenti, akupatseni gogo wina. Apo ayi tidzangomva kuti mwakolapsa pa shifiti."

Ndinapitadi ku ofesi. Manijala wathu, mzungu wokoma mtima koma wosadziwa za dziko, anayang'ana chithunzicho n'kugwira pachifuwa, n'kunena kuti sanaonepo chinthu chokongola chotere, kuti zikusonyeza mmene agogowo amandikondera. Anati banjalo lapempha kuti ndizipita ine ndekha mpaka mapeto, ndipo anafunsa ngati angaike chithunzicho pa bolodi ya mu ofesi. Ndikanamuuza chiyani? Viza yanga inali m'manja mwa kampani yomweyo, ndipo munthu wokana ntchito chifukwa cha chidole sachedwa kumuona ngati wovuta. Walira mvula walira matope. Nditabwerera kwa nesi uja anandipatsa kabotolo ka mafuta opempherera, n'kundilangiza kuti ndingochiba chidolecho tikachiwotche m'dzina la Yesu. Ndinamukumbutsa kuti kuwotcha ndiye kutumiza kwake. Apo anati basi tizingopemphera.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsiku lotsatira ndinamudikira mwana wa agogo uja kukhitchini, chidole chili m'manja, n'kumupempha kuti andiwerengere zolembedwa kumsanazo. Anawerenga, makutu ake n'kufiira. Anati ndi dzina langa, mmene amayi ake amalitchulira. Anafotokoza kuti mwambo wake ndi womwewo, wantchito wa pepala amapatsidwa dzina ndipo amamuboola makutu ndi singano kuti akamaitanidwa azimva. Ndinayang'ana, makutu onse awiri anali oboola. Poona nkhope yanga anayesa kundikhazika mtima pansi. Anati n'zoona kuti kalekale ku China anthu akuluakulu ankaikidwa ndi antchito amoyo, koma pambuyo pake anthu anaona kuti imeneyo ndi nkhanza, n'kuyamba kuumba antchito a dothi ndi kusema a mitengo, kenako anadzafika pa mapepala. Chidole, anatero, chinabwera kuti wamoyo atsale. Ndipo pomaliza anati ndisade nkhawa, ndi pepala chabe.

Ndinamufunsa kuti ngati nyumba ya pepala ikakasanduka nyumba yeniyeni, ndipo galimoto ya pepala ikakasanduka galimoto yeniyeni, nanga ine wa pepala ndikakasanduka chiyani, ndipo wotsala kunoyu adzakhala ndani. Anakanda m'mutu. Anati funso limenelo ndi la amayi ake, iye amangodziwa kukazinga mpunga.

Agogo aja ndinawasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwakhazika pabedi n'kuwatsamiritsa bwino. Dzuwa la m'nyengo yozizira lija, lowala koma losatentha, linali pawindo. Ndinaika chidolecho pa bulangete lawo.

"Agogo, uyu ndani?"

"Ndiwe."

"Mukufuna kupita nane?"

Anandiyang'ana ngati sakumvetsa, kenako anapukusa mutu mwamphamvu. Anati ine nditsala, ndili ndi ana, wopita ndi uyu. M'Chingerezi chawo chodukaduka chija anandiuza kuti mtsikana wapinki wa ku shopu uja sakumudziwa, ndipo atopa kugwiridwa ndi anthu osawadziwa. Amuna awo aliko kumeneko, inde, koma moyo wawo wonse kunyumba sanawawiritsireko ngakhale madzi, zophika zawo zinali za makasitomala. Mwana wawo adzawaikira tiyi chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako adzatopa. Adzukulu sadziwa n'komwe kagwiridwe ka lubani. Iwo adzagona m'dothi la eni ake, pakati pa azungu, ndipo wakufa wopanda womukumbukira amasanduka mzimu wanjala, wa mimba yaikulu ndi khosi lopyapyala ngati singano, woyendayenda osatha kumeza kanthu.

"Ndikuopa," anatero. "Kumeneko sindikudziwako aliyense wa manja ofunda."

Chisoni chinandigwira mpaka misozi inalengeza. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti si mfiti yomwe ndakhala nayo, ndi mayi wokalamba wopita kudziko lachilendo kachiwiri, ndipo ulendo uno yekha. Ine amene ndinatsika ndege kuno osadziwa woti ndimugogodere, ndinazimva bwinobwino. Koma mantha sanachoke. Mwina iwo sankandifunira choipa, nanga olandira katundu kumeneko ankadziwa zimenezo? Munthu amatha kukupweteka akukukonda.

"Agogo," ndinatero, "ndikusamalirani mpaka tsiku lomaliza. Koma kuno kokha. Uko ayi."

Anatola chidolecho, n'kuwongola kakolala kake ndi chala, kenako anandipatsa ndi manja awiri.

"Tenga. Ndipita ndekha."

Ndinachiika m'chikwama n'kupita nacho ku Spinney Hill. Kuyambira pamenepo sanandisisitenso mkono. Ndikawachitira kanthu ankathokoza mwaulemu, monga ankathokozera anzanga ena aja, ndipo zinkandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera. Komabe m'mawa uliwonse ndinkasuzumira m'kachipinda kaja, mpaka kuyang'ana m'mawindo a nyumba ya pepala, kuti mwina apanga china mwakabisira. Sanapange. Sanalolenso mwana wawo kuwagulira wantchito wina wa ku shopu.

Anamwalira maluwa atangoyamba kuphuka m'mbali mwa msewu. Mwambo wowotcha katundu unachitikira kuseri kwa shopu, m'mgolo wachitsulo, ndipo anandiitana. Nyumba ija inayaka nthawi imodzi, kenako galimoto, foni, poto. Ine ndinaima chapatali, dzanja lili pamtima, ndikumvetsera ngati ukugunda bwino. Palibe chinandichitikira. Ndinakwera sitima n'kubwerera kwathu ndili wamoyo, ndipo ndinathokoza Mulungu mochokera pansi pa mtima.

Chidole ndiye chinanditsalira. Kuchiponya m'bini sindikanatha, chifukwa ndinamva kuti zinyalala zina kuno amaziwotcha. Kuching'amba ayi, chili ndi nkhope yanga ndi dzina langa. Nesi uja anakana ngakhale kuchinyamula m'galimoto mwake, ndipo abusa athu mankhwala awo a zinthu zotere ndi amodzi okha, moto. Ndinachikulunga m'chitenje n'kuchiika m'chitini cha mabisiketi, poti chitini sichigwira moto msanga. Ana anga atabwera ndinasamuka nacho kupita ku nyumba yokulirapo, n'kuwauza kuti chitinicho asachikhudze.

Chaka chitatha, m'nyengo yomwe anthu a ku China amakasesa manda a makolo, foni yanga inalira ndili pa depoti ya basi. Anali mwana wa agogo uja. Anazungulira kaye, kufunsa za ana, za ntchito, kenako anafika pomwe amafuna. Anati iye zoterezi sazikhulupirira, ndikudziwa kale, koma wakhala akulota amayi ake ali m'chinyumba chachikulu chopanda munthu, akuitana dzina langa, akadikira pang'ono n'kuitananso. Anafunsa ngati chinthu chija ndikadali nacho, ndipo ngati ndingalole kuti achitumize.

Choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti malotowo wangopeka, pali china chomwe akufuna. Koma bambo wa imvi sayimbira foni wantchito wakale kuti adzinyozetse chonchija. Basi yanga inabwera n'kupita ine ndili chiimire. Mwana wanga wamng'ono anali asanamalize n'komwe pulaimale.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Panopa ayi. Mukawauze kuti adikire. Tsiku langa likadzakwana ana anga adzachiwotcha, ndidzawauza ndekha. Pamenepo ndidzakhala ndilibe choti nditaye."

Ndinkayembekezera kuti aseka, kapena anena kuti ndi pepala chabe. Anangofunsa ngati ndikulonjeza, ine n'kuti ndikulonjeza. Anati Lamlungu akupita kumanda, akawauza.